Ng'ombe ya pa Fakitale

Basi inamutula pa depoti itangokwana seveni m'mawa, Lachisanu. Singano anatsika ndi kachikwama kamodzi, naima kaye kuyang'ana tauni imene anaithawa zaka khumi ndi zitatu zapitazo, sabata yomwe anakwirira mwamuna wake. Anaizindikira ngati mmene umazindikirira m'bale amene wadwala chaka chathunthu: mphuno ndi yomweyo, koma zinazo zapita.

Dzina la Singano analitola ali mtsikana, m'chipinda chosokera cha fakitale ya nsalu. Osati chifukwa chosoka bwino ayi. Pakamwa.

Chinamubweretsa ndi foni ya mawu ochepa. Mlongo wake wamng'ono, amene banja lonse linkangomutcha Mzime poti ndiye anatseka mimba ya mayi awo, anali m'chitokosi chilowereni Lachiwiri. Akuti wapha Mlonda wa pa fakitale. Ndipo lero lomwe, folo koloko, lole ya kundende yaikulu ikudzamutenga. Kumeneko munthu amadikira mlandu zaka zinayi, zisanu. Mzime ndi chifuwa chake chija sakanatha ngakhale ziwiri.

Anayenda wapansi poti matakisi kunalibe. Chilichonse chachitsulo m'tauni muno chinali chitamera miyendo. Mapolo a magetsi anangoima mbulanda, opanda waya. Zivundikiro za ngalande zinapita, misewu inatsala ndi mayenje omeza munthu wathunthu, ndipo wina wachifundo anazika nthambi m'dzenje lililonse kuti ana asagweremo. Njanji anaizula, panatsala mzere wa miyala wopita kopanda kanthu. Banki inasanduka tchalitchi, tchalitchicho n'kutsekanso. M'holo ya kanema munkatuluka mbuzi. Pa khonde la sitolo yaikulu amuna amphamvu zawo, a msinkhu wodyetsa mabanja, anali atakhala mondondozana m'mawamawa, manja pakati pa miyendo, kuonerera fumbi. Eni fakitale anadya zawo, anapukuta pakamwa, nakwera ndege. Otsalawo anayamba kudya tauni yawo yomwe, ngati galu wa mphere wotafuna mchira wake.

Kupolisi mpanda unalibe geti. Nalonso linayenda.

Sajeni anali bambo wa maso ofiira ndi kolala yothetheka. Patebulo pake panali fayilo yopyapyala ngati tsamba.

"Mayi, mlanduwu ndi wosavuta, mwana wa sitandade wani akhoza kuuweruza," anatero. "Ng'ombe mumaidziwa?"

"Ndinayamba kuimva inu musanamere mano."

Ng'ombe imeneyi siinali ya miyendo inayi. Inali sayirini ya pa fakitale, chimkuwa chachikulu pamwamba pa nsanja, chopukusa ndi manja, ndipo anthu anaitcha choncho chifukwa cha kaliridwe kake. Fakitale inatseka zaka seveni zapitazo, koma Mlonda sanaleke kuiliza, sikisi m'mawa ndi thwelofu masana, popanda womutuma. Tauni yopanda ntchito inkadzukabe ndi Ng'ombe, n'kumateleka mapoto opanda kanthu ndi Ng'ombe.

"Ndiye mumvetsa," anapitiriza Sajeni. "Lachiwiri Ng'ombe inalira thwelofu, tauni yonse inamva. Wakufa saliza Ng'ombe. Ndiye kuti thwelofu Mlonda anali moyo. Patapita mphindi makumi awiri mlongo wanu analowa pa geti, anthu akuona. Sizinathe mphindi zisanu, anatuluka akuthamanga, shati ili magazi. Mlonda tinakamupeza pansi pa masitepe a nsanja, mutu utaphwanyidwa ndi chitsulo. Pa geti palibenso wina analowa. Mukufunanso chiyani?"

"Mwini wake akuti bwanji?"

"Poyamba ankati anamupeza atafa kale, magaziwo ndi pomunyamula. Chiyambire Lachitatu wangoti duu."

"Adokotala akuti anafa nthawi yanji?"

Sajeni anasekera m'mphuno. "Adokotala anasamuka chaka chatha. Mlonda tinamuika tsiku lotsatira, kumochale kulibe magetsi."

"Ndimuone mlongo wangayo."

"Mumuona pokwera lole."

"Munthu woti masitepe atatu amapumira kawiri, aphe mnzake ndi chitsulo? Amuphere chiyani? Mlonda anali ndi chiyani, nsabwe?"

"Zifukwa akazifunsa kukhoti."

Anatseka fayilo. Koma Singano anaona kanthu kamodzi. Nthawi iliyonse imene bamboyo ankatchula Ng'ombe, maso ankawaponya kukhoma.

*

Fakitale inaima pomwe inkaima, koma theka la denga linali litapita. Mawindo anali ngati m'kamwa mwa nkhalamba. M'holo yowombera nsalu, mmene kale makina mazana atatu ankagonthetsa anthu makutu, munali mutamera mitengo yotalika kuposa munthu. Pa geti panali mayi wogulitsa makala, timilu take titandandalikidwa pa chisaka.

"Singano? Ndiwe? Wafota ngati thumba latha makala."

"Iwe wanenepa ndi chiyani, ukudya makalawo?"

Anasokera pa benchi imodzi zaka naini. Anakumbatirana pang'ono, mwamsanga, ngati akuba.

"Unamuona Mzime akulowa?"

"Ndinamuona, ndinamirenji. Lachiwiri lililonse amalowa nthawi yomweyo, ndi nkhuku zomwe zimadziwa. M'mawa amapita kuchipatala kukalandira mapiritsi ake, n'kumutengeranso Mlonda, poti nkhalambayo sinkasiya geti. Awiriwo chifuwa n'chimodzi, cha fumbi la thonje, chomwe chija chinatenga bambo akwanu."

"Ndiye wobweretsa mankhwala abweretsenso chitsulo?"

"Ine ndinanena zomwe maso anaona, mwali. Zinazo sanandifunse."

"Ndikukufunsa ine. Mlonda unamuona liti komaliza?"

Mayiyo anayamba kusanja makala osanjika kale.

"M'mawa, atangoliza ya sikisi. Anandiponyera moni akutsokomola." Kenaka zinatuluka zokha. "Tsiku lililonse teni koloko ankabwera ndi kachitini kudzapempha moto wa tiyi. Zaka seveni, kaya mvula kaya dzuwa. Osagulako ngakhale khala limodzi, nkhalamba youmira ija." Anapukuta m'maso, n'kusiya mzere wakuda patsaya. "Lachiwiri motowo ndinamusungira mpaka unasanduka phulusa."

"Sanabwere."

"Sanabwere."

"Apolisi unawauza?"

"Ndati sanandifunse."

"Kuseri kuja, kungalande ya utoto, anthu amalowerabe?"

"Kunkhongo ndilibe maso ine." Anayang'ana kumanzere, kumanja, natsitsa mawu. "Makutu ali ndi a Buluu. Sindinakuuze kanthu. Tsopano gula makala kapena uzipita, ukundithawitsira makasitomala."

Mumsewu monsemo munalibe ngakhale galu.

*

Nyumba ya Mzime inali mu mzere wachisanu wa nyumba za kampani. Mwa nyumba khumi ndi ziwiri, zisanu zokha ndizo zinali ndi malata. Mkazi wa Mzime anamulandira chikwama osamuyang'ana kumaso. Ana anayi anali atazungulira mbale imodzi pansi, akudya mwakachetechete, mwaliwiro, ngati wina abwera kudzawalanda.

"Alamu, kabuku ka kuchipatala ka Mzime kali kuti?"

Kanali m'thumba la jekete yomwe Mzime anaivula atathamangira kunyumba, apolisi asanafike. Singano sukulu analekezera sitandade sikisi, koma manambala sanamunamizepo. Nesi wa kuchipatala cha chifuwa anali munthu wolemba chilichonse. Lachiwiri: wafika 6:40. Walandira mankhwala 11:50. Chidindo, siginecha.

Kuchokera kuchipatala kufika pa fakitale ndi theka la ola kwa munthu wopuma movutika. Ndiye kuti m'mawa wonse Mzime anali pa benchi, pamaso pa nesi. Ngati Mlonda anafa teni isanakwane, moto wake wa tiyi usanatengedwe, Mzime sanali pafupi n'komwe. Chotsala chinali Ng'ombe. Wakufa saliza Ng'ombe.

Pamene ankalowetsa kabukuko m'bulauzi, anaona kuseri kwa chitseko. Thumba la mpunga latsopano, losatha ndi kotala yomwe. Chigubu cha mafuta ophikira. Sopo wamtanda, mitanda inayi.

"Izi zagwa kumwamba?"

"Ndi a Kapitawo. Atimvera chisoni."

Kapitawo ameneyu Singano ankamudziwa bwino. Zaka makumi awiri ndiye ankayang'anira holo yowombera nsalu, wotchi m'manja, kudula anthu malipiro akachedwa kuchimbudzi. Fakitale itatseka anagula sikelo ndi lole, nayamba kugula zitsulo. Tsopano tauni yonse inkapita kwa iye itasenza zidutswa za tauniyo.

"Anabwera liti?"

"Lachitatu. Akuti mwezi uliwonse azitero."

"Mwezi uliwonse. Mpaka liti?"

"Mpaka bambo awo atatuluka."

"Chisoni chimenechi chinali kuti chaka chatha, pamene munandiimbira kuti mwana wakomoka ndi njala m'kalasi?"

Mlamu anapinda nsonga ya andiloko, naipindulanso.

"Alamu, anawa adya masiku atatu otsatizana." Mawu ake anali ang'ono ngati a munthu wopepesa. "Wamng'onoyu chibadwire sanazionepo."

Singano anafuna kukankha thumbalo ndi mwendo. Kamwana kotsiriza kanamuyang'ana, mpunga uli pachibwano. Anatuluka osatsanzika.

*

Buluu ankakhala nyumba yomaliza, moyang'anana ndi ngalande imene kale inkatulutsa madzi a utoto kuseri kwa fakitale. Anagwira ntchito yonyika nsalu mpaka mankhwala anamudya maso. Manja ake anali abuluu mpaka lero, mpaka m'zikhadabo. Anali atakhala pa njerwa, atatsamira khoma, nkhope kudzuwa.

"Mapondedwe amenewo ndi a mkazi wa malemu mnzanga," anatero Buluu, Singano asanalankhule. "Mumayendabe ngati mukupha njoka."

"Bambo, ndilibe nthawi. Lachiwiri munamva chiyani?"

"Khalani pansi. Nkhani yothamangira imapunthwa."

Anakhala. Buluu ankalankhula pang'onopang'ono, akuwerenga pa zala zake zabuluuzo.

"Ya sikisi inalira kamodzi, n'kudukira pakati, monga mwa masiku onse. Chopukusira chija n'cholemera, ndipo Mlonda mpweya unkamuthera. Zaka zitatu tsopano Ng'ombe imalira ngati ili ndi chimfine. Chimenecho n'choyamba. Eyiti ikukwana, lole inaima apa. Injini yake ndimaidziwa, imatsokomola katatu isanazime. Pa ngalandepo pali thabwa. Anawoloka anthu anayi. Chachiwiri chimenecho. Kenaka ndinamva kukangana, chapatali, ndi mawu a Mlonda akuti, zonse mwatenga, iyi yokha ayi. Ng'ombe ija ndi mkuwa wokhawokha, alamu, ndipo mkuwa uli pa mtengo. Kenaka zii. Naini isanakwane lole inapita, yopepuka, yopanda katundu. Pa thabwa anabwerera atatu."

"Wachinayi?"

"Wachinayi anawoloka thwelofu itangopitirira, akuthamanga, nsapato zachikopa."

"Ndiye ya thwelofu analiza ndi iyeyo. Koma nditsimikiza bwanji? Ng'ombe ndi Ng'ombe."

"Mundiuze ndinu. Nthawi ya fakitale, ya thwelofu inkalira bwanji?"

Singano anatsinzina, thupi linakumbuka lokha. Kulira koyamba, kwakutali: zimitsani makina. Kenaka bata lokwana kuwerenga mpaka teni, kuti malamba aime, wina asakodwe malaya potuluka. Kenaka kulira kwachiwiri: tulukani mukadye.

"Kawiri," anatero.

"Lachiwiri inalira kawiri. Yodzaza, yamphamvu, ndi bata lake pakati, teni ndendende. Ndinangopezeka ndaimirira, ndikupapasa chitini changa cha chakudya, ine nkhalamba yakhungu yopanda ntchito. Mlonda chikhalire sanalizepo kawiri. Iye anali wa pa geti, za malamba sizinkamukhudza. Munthuyo ankafuna tauni iziti Mlonda ali moyo mpaka Mzime alowe ndi mapiritsi ake, monga mwa Lachiwiri lililonse. Mutu unaganiza bwino. Koma dzanja linachita zomwe linazolowera."

Singano sanafunse kuti dzanja la yani. Zaka makumi awiri chopukusira chija chinkagwiridwa ndi munthu mmodzi, wa wotchi m'manja uja. Wina akangochikhudza, tsiku limenelo sankalembedwa.

Anaimirira. "Tiyeni. Ndikugwirani dzanja mpaka kupolisi."

"Ayi."

"Mwati chiyani?"

"Ndati ayi, alamu. Mkamwini wanga amadula zitsulo pa lole imene ija. Chimene ndadya m'mawa uno chachokera pa sikelo ya a Kapitawo."

"Mzime munkamunyamula pa phewa ali mwana."

"Ndinkamunyamula. Ndipo musandiyang'ane choncho, kuyang'anako ndikukumva. Mukuyesa ndine ndekha? Ng'ombe siilira monong'ona. Aliyense amene anagwirapo ntchito mmuja, ndi mkazi wake, ndi ana ake, anamva kawiri. Chibwerereni mwafunsa angati? Akuuzani angati?"

*

Sikelo ya Kapitawo inali pa bwalo la mpira la sukulu. Magoli anali atadulidwa kale. Mzere wa anthu unakafika kumsewu. Mayi wina anasenza bedi lachitsulo, bambo wina mutu wa makina osokera, wina mahinjesi a zitseko m'ndowa. Pambali panali mulu wa mitanda ya kumanda, mayina akuonekabe. Singano anatembenuza nkhope msanga. Sanafune kuwerenga.

Kapitawo anali mu shati yoyera, yositidwa, m'tauni yopanda magetsi. Nsapato zachikopa. Atamuona anatambasula manja.

"Alamu anga. Kubwera osandiuza? Ndikanakutumizirani lole kudepoti. Pepani ndi za Mzime. Satana sagona."

"Lachiwiri m'mawa munali kuti?"

"Pompano, pa sikelo, kuyambira sikisi mpaka dzuwa kupendeka. Si choncho, anthuni?"

"Ndi choncho, bwana," unayankha mzere wonse, pakamwa makumi atatu.

Singano anatembenukira anthuwo. Ena ankawadziwa. Uyu ankapota ulusi. Uyu ankakonza makina. Uyu anamuthandiza kusambitsa mtembo wa mwamuna wake.

"Ng'ombe inalira kawiri," anatero mokweza, kuti ndi wa kumsewu yemwe amve. "Munamva nonse. Mlonda anafa m'mawa, mlongo wanga ali pa benchi kuchipatala. Ndani akanene?"

Aliyense anapeza choyang'ana pa katundu wake. Wa bedi uja anasintha phewa.

"Inalira kawiri?" anatero Kapitawo. "Kaya. Makutu angawa anatha ndi makina." Anasendera pafupi, fungo la sopo wonunkhira, nalankhula motsitsa, mwaulemu, ngati mkulu wa mpingo. "Alamu, ndikuuzeni ngati m'bale. Pa mzerewu pali mabanja makumi atatu. Mawa pabwera ena. Sikeloyi ikatseka, mupita nawo kwanu? Mlonda anali munthu wabwino, Mulungu amulandire, koma ankalondera mtembo. Ine ndimadyetsa amoyo."

"Mukuwadyetsa mafupa a mayi awo."

"Koma akudya."

Khoswe anali atakhala pa mkhate. Singano analavula pa sikelo, malovu onse amene anali nawo. Muvi wa sikelo sunagwedezeke n'komwe.

"Mayi," anatero wa bedi uja kumbuyo kwake, "ngati simukugulitsa kanthu tipatseni mpata. Chikulemera ichi."

*

Hafu pasiti fili anamenyetsa kabuku patebulo la Sajeni. Anamuyalira zonse: moto wa tiyi umene sunatengedwe, anayi owoloka ndi atatu obwerera, manambala a nesi, kulira kuwiri ndi bata lake pakati. Sajeni anamvetsera mpaka kumapeto, osamudula. Kenaka anamukankhira kabukuko.

"Bambo anga ankawomba nsalu, mayi. Ndinabadwira mu mzere wachitatu. Lachiwiri ndinali pa mpando uno, windo lili pululu. Mukuyesa ndine gonthi?"

"Ndiye lembani."

"Ndilemba. Mundibweretsere munthu mmodzi, mmodzi yekha, woti asaine kuti inalira kawiri. Ndi kabuku kanuka, ndimutsitsa mu lole ndi manja angawa. Ngakhale atapita, ndikamutenga."

"Sainani inuyo."

"Ine ndimalemba, sindisaina. Mafuta a galimoto yathu mukuyesa amachokera kuti?" Anayang'ana kukhoma kuja. "Koma mwini mlandu akhoza kusaina. Nayenso ali ndi makutu."

Lole inafika isanakwane folo, ya mawaya m'mbali, m'katimo muli kale anthu asanu. Anamutulutsa Mzime ali chosavala nsapato, unyolo m'manja. Singano anamulera yekha mayi awo atamwalira, ankadziwa chipsera chilichonse pa thupi limenelo, koma anachita kuyang'ana kawiri. Khosi linali ngati la nkhuku yosolola.

"Achemwali. Mwavutikiranji ulendo wonsewu."

"Tseka pakamwa, uyankhe zomwe ndikufunse. Ng'ombe imalira uli pati?"

"Pa mlatho."

"Inalira kangati?"

Mzime anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Ndinaima pa mlathopo. Ndinadziwa kuti si dzanja lake."

"Ndiye unalowerenji, chitsiru iwe?"

"Mapiritsi ake anali m'thumba mwanga."

"Chabwino. Uwauze a Sajeni zomwezo, usaine, tizipita kunyumba."

"Ayi, achemwali."

Tsiku limenelo anali atamva ayi wokwanira. Koma uyu anamulowa ngati mpeni.

"A Kapitawo anabwera Lachitatu masana," anatero Mzime. "Sanandiopseze. Anangoti ana azidya, wamkulu uja abwerera kusukulu. Zaka seveni ndakhala kunja kuno, mfulu, manja opanda unyolo. Ndawapatsa chiyani anawo? Nesi anandiuza poyera, ndatsala ndi mvula imodzi, zikachuluka ziwiri. Ndikafera kunyumba ndiwasiyira mphasa. Ndikafera uko ndiwasiyira chakudya."

"Uwasiyira dzina la wakupha."

"Dzina saphika."

"Ndinakulera ine kuti ugulitsidwe pa sikelo ngati mahinjesi? Akakupusitsa miyezi itatu n'kuleka, ukamusumira kwa yani, uli m'manda?"

"Miyezi itatu ndi miyezi itatu." Anadzutsa nkhope, namuyang'ana m'maso koyamba. "Atengeni inu. Onse anayi ndi mayi awo. Mukati muwatenga, ndisaina pompano. Muwatenga?"

Singano anatsegula pakamwa. Anaona kachipinda kake kamodzi kuseri kwa golosale, makina ake osokera ongosoka zigamba, zidzukulu ziwiri zomwe mwana wake anamusiyira, zogona mutu ndi miyendo pa kama mmodzi. Anawerenga, nawerenganso, ngati manambalawo asintha. Sanasinthe.

Mzime anagwedeza mutu pang'ono, mopanda mkwiyo. Kenaka chifuwa chinamugwira. Anatsamira lole, anapindika pakati, anatsokomola mpaka akaidi a m'katimo anasendera kutali.

"Ameneyu ndi wodwala," anatero msilikali wa kundende. "Kabuku kake kali kuti? Kwathu kuja wopanda kabuku salandira ngakhale panado."

Kabukuko kanali m'dzanja la Singano. M'dziko lonse lapansi ndi kokhako kamene kankanena kumene Mzime anali Lachiwiri m'mawa. Kakapita kundende, masamba ake akathera kupichirira fodya mwezi usanathe. Kakatsala, Mzime mvula ya chaka chino saiona.

"Mayi, tikuchedwa."

Anakalowetsa m'thumba la shati ya mlongo wakeyo, namanga batani, nasisita pamwamba pake ndi chikhatho.

"Uzimwa utadya," anatero. "Galu iwe."

"Zikomo, achemwali."

Anamukweza. Lole inatuluka pa mpanda, ikukhotakhota kuzemba mayenje, mpaka fumbi linaimeza. Palibe anatuluka m'nyumba kudzaona.

Sajeni anaima pa khomo, fayilo kukhwapa.

"Basi yomaliza imanyamuka faifi, mayi. Ikakusiyani, ina ndi Lolemba."

"Indisiye. Mwati munthu mmodzi. M'tauni muno mwatsala makomo angati?"

"Okhalamo anthu? Mwina zikwi ziwiri. Palibe amene asaine. Ndipo wina atasaina, ana aja adya chiyani?"

"Sindikudziwa," anatero Singano.

Anavula nsapato, nazigwira m'manja, nalunjika ku mzere woyamba wa nyumba.